Walira Mvula Walira Matope: Za Mankhwala Ofooketsa Chitetezo cha M'thupi

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mwambiwu timautchula kawirikawiri pofuna kutseka pakamwa munthu wodandaula: banjalo udalifuna wekha, udindowo udaulira wekha, tsono pirira. Komatu nzeru ya mwambiwu imaposa chidzudzulo chotere. Mwambiwu sukunena kuti matope ndi chilango chodza pambuyo pa mvula, kapena ngozi imene wochenjera akadaizemba. Ukunena kuti mvula ndi matope n'chinthu chimodzi, pakuti madzi amene afewetsa nthaka kuti mbewu imere ndi omwewo achititsa njira kuterera. Pali gulu la mankhwala limene mbiri yake yonse imachitira umboni mwambi umenewu, ndiwo mankhwala amene madokotala amapereka mwadala kuti afooketse chitetezo cha m'thupi, makamaka aja ogwira ntchito potsekereza ma-enzyme. Ine ndikuti kuopsa kwakukulu kwa mankhwalawa si chilema choti asayansi adzachichotsa tsiku lina n'kutsala ubwino wokhawokha. Kuopsako ndi ubwino womwewo ukaonekera mbali inayo, ndipo munthu akavomereza zimenezi m'pamene amadziwa pomwe pali poyenera kuika khama lake.

Enzyme ndi puloteni imene imafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi la chamoyo chilichonse. Mayi wophika thobwa amaidziwa ntchito yake ngakhale sanaimvepo dzina: akathira chimera m'phala lofunda, ma-enzyme a m'mawere omera aja amaphwanya ufa n'kuusandutsa shuga, phala n'kusungunuka, n'kuyamba kutsekemera. M'maselo athu muli ma-enzyme zikwizikwi, iliyonse ndi ntchito yakeyake. Maselo oyera a m'magazi amene timawatchula kuti asilikali a m'thupi, makamaka a mtundu wa T, akakumana ndi chachilendo amafunika kuchita zinthu ziwiri. Choyamba, uthenga wakuti kwabwera mdani uyenera kuyenda kuchokera pa khungu la selo kukafika pakati pake, pamene pali DNA. Chachiwiri, selo limodzi lomwe lamzindikira mdaniyo liyenera kuswana kufikira atakhala ochuluka zedi m'masiku ochepa. Pa ntchito ziwiri zonsezi pali ma-enzyme amene akapanda kuyenda nkhondo siyambika. Nzeru ya mankhwalawa yagona pamenepa: pezani enzyme imene asilikali sangachite kanthu popanda iyo, muitsekereze.

Chimene chidakakamiza madokotala kufunafuna mankhwala otere ndi nkhani ya kuika chiwalo cha munthu wina m'thupi la mnzake. Pa 23 Disembala 1954, ku Boston, gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Joseph Murray lidaika impso ya mnyamata wina mwa mbale wake, ndipo wolandirayo adakhala ndi moyo zaka 8 popanda mankhwala ofooketsa chitetezo. Zidatheka chifukwa awiriwo adali mapasa ofanana ndendende, thupi silidaone chachilendo. Kwa ena onse thupi limaukira impso yatsopano n'kuipha. Mankhwala oyamba kuthandizapo kwenikweni adali azathioprine, amene Gertrude Elion ndi George Hitchings adapanga mu 1957 kuchokera pa ntchito yawo yolimbana ndi khansa ya m'magazi. Azathioprine akalowa m'thupi amasanduka chinthu chofanana ndi zipangizo zomangira DNA, n'kupusitsa ma-enzyme opanga zipangizozo. Koma sasankha. Selo lililonse loswana msanga limakhudzidwa, kuphatikizapo a m'mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi. Zotsatira zake zidaonekera poyera ku Cape Town. Pa 3 Disembala 1967 Christiaan Barnard adaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky pa chipatala cha Groote Schuur, ndipo dziko lonse lidazizwa. Patapita masiku 18 Washkansky adamwalira. Mtima wachilendowo udagunda mpaka kumapeto. Chidamupha ndi chibayo, chimene chidapeza thupi lopanda womulondera chifukwa cha mankhwala omwe ankateteza mtimawo. Opaleshoni idayenda bwino, mankhwala adagwira ntchito imene adawatuma, ndipo kugwira ntchito komweko n'kumene kudatsegulira chibayo khomo.

Kusintha kwakukulu kudachokera m'dothi. Mu 1969 wantchito wina wa kampani ya Sandoz, ali patchuthi ku Norway, adatola dothi pa chitunda cha Hardangervidda n'kupita nalo ku Basel. M'dothimo mudali chuku chotchedwa Tolypocladium inflatum, ndipo m'chukumo mudatuluka cyclosporine. Asayansi a kampaniyo, mwa iwo Jean-François Borel ndi Hartmann Stähelin, adaona kuti mankhwalawa amakhalitsa chete maselo a T osawononga mafuta a m'mafupa. Roy Calne adayamba kuwapatsa odwala olandira impso ku Cambridge mu 1978, ndipo America idawavomereza mu 1983. Chisanafike chaka chimenecho pafupifupi theka la impso zochokera kwa anthu omwalira zinkalephera chaka chisanathe. Cyclosporine atabwera, pafupifupi 80 pa 100 zilizonse zinkadutsa chakacho zikugwira ntchito. Mu 1984 kampani ya Fujisawa idapeza tacrolimus mwa bakiteriya wa m'dothi la m'tsinde mwa phiri la Tsukuba ku Japan, ndipo lero ndiwo mankhwala amene olandira ziwalo ambiri amamwa. Chodabwitsa n'chakuti madokotala adapereka cyclosporine zaka zoposa khumi asakudziwa kuti amakagwira pati. Mu 1991 m'pamene zidadziwika kuti mankhwala awiri onsewa, ngakhale sakufanana mpang'ono pomwe m'kapangidwe kake, amatsekereza enzyme imodzi yotchedwa calcineurin, imene imamasula puloteni yonyamula uthenga wa nkhondo kupita nawo ku DNA. Apa anthu adaganiza kuti mvula yopanda matope yapezeka. Sizidatero. Calcineurin sali mwa asilikali okha. Ali m'mitsempha ya magazi ya mu impso, m'mitsempha ya ubongo, ndi m'maselo opanga insulin. N'chifukwa chake omwa mankhwalawa ambiri magazi amayamba kuthamanga, manja amanjenjemera, ena amadwala shuga, ndipo chowawa koposa, mankhwala otetezera impso yachilendo ndi omwewo amaidya pang'onopang'ono. Pali anthu amene adalandira mtima kapena chiwindi, chiwalocho n'kukhazikika bwino, koma patapita zaka impso zawo zobadwa nazo n'kufa ndi mankhwala.

Nkhani imene ndimaiona kuti ndiyo ikuonetsa bwino kutalika kwa nzeru za munthu pamodzi ndi malire ake ndi ya mycophenolate. Idayambira pa chimanga cha chuku. Mu 1893 dokotala wa ku Italy, Bartolomeo Gosio, ankafufuza chimene chinkadwalitsa alimi osauka odalira chimanga matenda a pellagra, ndipo ankakayikira chimanga chowola. Pa pellagra adaphonya, poti matendawo amadza chifukwa chosowa vitamini wotchedwa niacin, koma m'chuku cha chimangacho adapatula asidi wina amene ankaletsa bakiteriya wa anthrax kumera. Asidiyo adakhala zaka zambiri wopanda ntchito yeniyeni. Amene adamuutsa ndi Anthony Allison, wobadwira ku South Africa n'kukulira ku Kenya, yemwe uja adaonetsa mu 1954 kuti otengera chibadwa cha sickle cell kwa kholo limodzi malungo sawapha kwambiri. Allison sadayambe ndi dothi, adayamba ndi kulingalira. Selo lili ndi njira ziwiri zopezera zipangizo za DNA: kuzipanga mwatsopano kuyambira pachiyambi, kapena kutolera zotsala za DNA yakale n'kuzigwiritsanso ntchito. Iye adaona kuti ana obadwa opanda enzyme ya njira yotolerayo, amene ali ndi matenda a Lesch-Nyhan, ubongo wawo umavulala koma chitetezo chawo chimakhala bwinobwino, pamene ana osowa enzyme ina yotchedwa adenosine deaminase amabadwa pafupifupi opanda asilikali. Adazindikira kuti asilikali akamaswana amadalira kwambiri njira yopanga mwatsopano, pamene maselo ena ambiri angathe kukhalira zotolera. Tsono mukatseka njira yoyambayo, asilikali okha ndiwo afe ndi njala. Iye pamodzi ndi Elsie Eugui, pa kampani ya Syntex ku California, adafunafuna chotsekereza enzyme yotchedwa IMPDH, imene ili pakhosi pa njirayo, ndipo adachipeza mwa asidi wa Gosio uja. Mankhwalawo adavomerezedwa mu 1995. Palibe mankhwala a gulu ili amene adalingaliridwa mosamala kuposa amenewa, komabe amatsegulitsa m'mimba, poti maselo a m'matumbo nawonso amaswana msanga, ndipo mayi akawamwa ali woyembekezera pathupi pamatha kupita padera kapena mwana kubadwa wopunduka makutu ndi milomo. Pamwamba pa izi, wodwala amagwidwabe ndi mavairasi amene munthu wina aliyense amakhala nawo osadziwa n'komwe.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zakale, sayansi ikupita patsogolo, ndipo mankhwala a lero amalasa pamalo enieni. Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma tiyeni tione kumene kulasa bwinoko kwatifikitsa. Cha m'ma 1995 zidadziwika kuti ana obadwa ndi enzyme ya JAK3 yosagwira ntchito amakhala opanda chitetezo, pamene ziwalo zawo zina zili bwino. Apa padali enzyme yooneka ngati ya asilikali okha. Pofuna kutsekereza enzyme imeneyi, kampani ya Pfizer idapanga tofacitinib, amene adavomerezedwa mu 2012 kuchiza nyamakazi ija imene thupi limadya mfundo zake lokha. Mankhwalawa amathandiza ndithu, anthu amene zala zidauma amayambanso kugwira khasu ndi cholembera. Koma omwa mankhwalawa mashingozi amawagwira kwambiri, ndipo mu 2021 bungwe la FDA la ku America lidalamula kuti pa mankhwala a gulu limeneli palembedwe chenjezo lamphamvu, kafukufuku wamkulu wa odwala a zaka 50 kupita m'tsogolo ataonetsa kuti matenda a mtima, khansa ndi kuundana kwa magazi zimachulukirapo. Apa tiyenera kusiyanitsa matope a mitundu iwiri. Ena amadza chifukwa mankhwala akhudza malo amene sadatumidweko, monga impso kapena matumbo, ndipo amenewa luso lingathe kuwachepetsa. Ena amadza chifukwa mankhwala achita ndendende chimene adatumidwa. Selo la T limene limaukira impso yachilendo ndi la mtundu womwewo umene umapondereza vairasi ya nthomba yobisala m'mitsempha kuti isatuluke ngati mashingozi, ndiponso umene umapha selo loyamba kusanduka khansa. Uthenga wake umayenda pa ma-enzyme omwewo. Enzyme sidziwa ngati mdani wa lero ndi impso ya mlongo wako kapena kachilombo ka TB, choncho wotsekereza enzyme sangasankhe nkhondo yoti ileke ndi yoti ipitirire.

Chitsutso cholemera koposa kwa ife ndi chochokera m'maliro amene tidaika. Mmalawi, Mzambia kapena munthu wa ku Tete akamva mawu akuti chitetezo chatsika saganiza za Basel, amaganiza za EDZI. Tidaphunzira kuwerenga CD4, tidaphunzira kuti asilikali akachepa imfa yayandikira. Tsono dokotala angatsitse bwanji dala chimene takhala zaka makumi anayi tikulimbana kuti chikwere? Funsoli si la umbuli. Maselo a CD4 amene HIV imapha ali m'gulu la omwewo amene tacrolimus amawakhalitsa chete, ndipo matenda ogwira wolandira impso ndi omwe tidawazolowera m'mawodi athu: TB, chibayo, mashingozi, matenda oumitsa khosi odza ndi chuku cha cryptococcus, khansa ya Kaposi. Wodwala HIV ndi wolandira impso, onse awiri amapatsidwa Bactrim pa chifukwa chimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti vairasi imapha asilikali ndipo siima payokha, pamene mankhwala amawaletsa chabe, pa mlingo woyezedwa, umene dokotala angautsitse akaona zoopsa, asilikali n'kudzukanso. Koma yankho lozama ndi lakuti chitetezo si chinthu choti chikachuluka ndiye kuti zonse zili bwino. Matenda a lupus, amene amakonda akazi achitsikana ndipo amavuta kwambiri mwa anthu akuda, ndi chitetezo choukira impso, khungu ndi mfundo za mwini wake. Ana athu amene mitima yawo imawonongeka pambuyo pa zilonda zapakhosi amavulazidwa ndi asilikali awo omwe, osokoneza mnofu wa mtima ndi bakiteriya. Pa COVID-19 ambiri odwalitsitsa ankaphedwa ndi nkhondo ya thupi lawo m'mapapo, mwakuti mu Januwale 2022 bungwe la WHO lidalangiza kuti odwala kwambiri azipatsidwa baricitinib, wotsekereza ma-enzyme a JAK. Amalonda odzaza misika ndi mabotolo olembedwa kuti okweza chitetezo ali ndi mwayi kuti zogulitsa zawo sizichita zimene amalonjeza. Zikadamachita, ena mwa ogula akadathera kuchipatala.

Mlimi aliyense amadziwa kuti mvula yofanana sibala matope ofanana pa mchenga ndi pa makande, ndipo apa m'pamene mwambi uja ukutikhudza ife mwapadera. Mankhwalawa adayesedwa makamaka ku Ulaya, America ndi Japan. WHO imawerengera kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko adalowedwapo ndi kachilombo ka TB, ndipo kuno kwathu n'kofala. Mwa ambiri kamagona chifukwa asilikali akukalondera, ndipo kamadzuka akangofooka. Khansa ya Kaposi, yosowa ku Ulaya wa kumpoto, ili m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa amuna ku Malawi, poti vairasi yoyambitsa khansayo ili mwa anthu ambiri. Ndiye pali ma-enzyme ena, a m'chiwindi, amene ntchito yawo ndi kuphwanya mankhwala. Rifampicin, msana wa chithandizo cha TB, amachulukitsa ma-enzyme amenewa, mwakuti tacrolimus amatha msanga m'magazi, impso n'kuyamba kukanidwa wodwala akumwa mapiritsi ake mokhulupirika. Ritonavir, wopezeka mu ma-ARV ena, amachita zosiyana: amatsekereza ma-enzyme omwewo, tacrolimus n'kuunjikana mpaka kusanduka poizoni. Ngakhale chibadwa chimalowapo. Anthu ambiri ochokera mu Africa ali ndi enzyme ya CYP3A5 yogwira ntchito, imene azungu ambiri alibe, ndipo kawirikawiri amafunika tacrolimus wochuluka, mwina mpaka kuwirikiza, kuti afike pa mlingo womwewo m'magazi. Mlingo wolembedwa m'buku la ku London ungathe kum'perewera munthu wa ku Dedza.

Wina angafunse kuti ngati matope n'ngosapeweka, kodi si kungouza wodwala kuti adalira yekha, apirire? Ayi, kumeneko n'kugwiritsa mwambi mwaulesi. Wodziwa kuti mvula ikudza amakumba ngalande. Calne atapereka cyclosporine wambiri payekha, odwala ake ena impso zidavulala, ena adadwala khansa ya lymphoma. Thomas Starzl adatsitsa mlingo n'kuphatikiza ndi prednisone, ndipo kuyambira pamenepo njira yakhala yomweyo: mankhwala angapo, aliwonse pang'ono, otsekereza malo osiyana, kuti mphamvu ziphatikizane koma poizoni wa aliwonse asafike poipa. Magazi amayezedwa kawirikawiri, chifukwa pakati pa mlingo wochepa wotayitsa impso ndi wochuluka wowononga impso pali kampata kakang'ono. TB imafufuzidwa mankhwala asanayambike. Nthawi zina kungosintha enzyme yotsekerezedwa kumapulumutsa munthu. Sirolimus, wochokera mwa bakiteriya wa m'dothi la pachilumba cha Rapa Nui, amatsekereza enzyme ya mTOR imene maselo a khansa nawonso amaifuna, ndipo mu 2005 madokotala a ku Italy adalengeza kuti odwala 15 olandira impso amene adatuluka Kaposi pakhungu, atawachotsa pa cyclosporine n'kuwaika pa sirolimus, zotupazo zidazimirira m'miyezi itatu impso zili bwino. Ndipo imfa zina sizichokera ku mvula konse. Methotrexate, wotsekereza enzyme yokonza folate, amamwedwa kamodzi pa sabata pochiza nyamakazi, ndipo anthu afapo chifukwa chomwa tsiku ndi tsiku, wina atalemba kapena kumva molakwika. Akaphatikizidwa ndi Bactrim, amene kuno amapezeka paliponse ndipo nayenso amakhudza folate, mafuta a m'mafupa angaleke kupanga magazi. Imfa zotere ndi za kusalongosola, ndipo palibe mwambi woziphimba.

Chitsutso chotsala ndi chakuti izi n'za mayiko olemera, ife tiyambe tathana ndi malungo ndi kolera. Koma odwala lupus ndi nyamakazi ali kale m'zipatala zathu, azathioprine, methotrexate ndi cyclosporine ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, ndipo pa makina osefa magazi a ku Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth pali anthu amene mabanja awo amasonkha ndalama zokaikitsa impso ku India. Chimene kawirikawiri sichiwerengeredwa pa msonkhemsonkhe ameneyu n'chakuti opaleshoni ndi ya tsiku limodzi pamene mankhwala ndi a moyo wonse, m'mawa ndi madzulo, ndipo kuwasowa masabata ochepa kungathe kubweza munthu pa makina amene adawathawa, impso ya mbale wake itapita pachabe. Komabe sitikuyambira pansi. Mu 2008, pa Groote Schuur pomwe paja, Elmi Muller adayamba kuika impso za anthu a HIV mwa odwala a HIV, ndipo zidaoneka kuti munthu angathe kumwa ma-ARV ndi mankhwala ofooketsa chitetezo nthawi imodzi n'kukhala bwino. America idasintha lamulo lake mu 2013 kuti nayonso izitero. Ma-ARV enieniwo ndi otsekereza ma-enzyme, kungoti ndi ma-enzyme a vairasi, ndipo dolutegravir, amene Malawi idayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, salimbana ndi tacrolimus m'chiwindi monga amachitira ritonavir. Makiliniki amene aphunzira kusunga anthu mazanamazana pa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, kuwayeza magazi pa nthawi yake, kuwafufuza TB ndi kulondola osowa, ali kale ndi luso lalikulu limene wolandira impso amafuna. Chofunika kuwonjezerapo ndi kuyeza mlingo wa tacrolimus m'magazi pafupi ndi kumene wodwala amakhala, zotsatira zake n'kutuluka mwamsanga, ndi kuika mtengo wa mankhwala a zaka zonse m'bajeti yomweyo imene ikulipira tikiti ya ndege.